Akuti: Liwu la Chigiriki Lotanthauza Mbiri ndi Mphekesera, ndi Nkhani Zongomva za ku Niassa

Pa Mateyu 9:26 pali chiganizo chachifupi chimene ambiri timangochidumpha pothamangira nkhani yotsatira. Yesu wangodzutsa kumene mwana wamkazi wa mkulu wina, ndipo wolemba akutseka nkhaniyo ponena kuti zimenezi zinamveka m'dera lonselo. Koma chinamvekacho n'chiyani kwenikweni? Mlaliki wa ku Lichinga amene ali ndi Mabaibulo angapo patebulo apeza mayankho osiyana. Omasulira ena a Chipwitikizi anaikapo liwu lakuti fama, lonena za kutchuka, pamene ena anaikapo notícia, kutanthauza nkhani wamba. M'Chinyanja tinazolowera kumva liwu lakuti mbiri. Nawo mabuku otanthauzira mawu a Chigiriki amapereka matanthauzo atatu pa liwu limodzi lomweli: kutchuka, nkhani yomveka, ndi mphekesera.

Kwa ife kutchuka ndi mphekesera n'zotalikirana. Kutchuka timakusirira, mphekesera timazithawa. Nanga zimatheka bwanji kuti liwu limodzi lisenze zonse ziwiri? Funsoli lisasiyidwire akatswiri a zilankhulo okha. Niassa ndi chigawo chimene nkhani yongomva inathamangitsapo mmishonale ndi kusamutsa midzi yathunthu, komabe Uthenga Wabwino nawonso unafika kuno kudzera m'makutu momwemo, wina kuuza mnzake. Ngati zoona ndi zabodza zimalowera khomo limodzi, tiyenera kudziwa mmene olemba Baibulo ankazisiyanitsira.

Liwu lopanda mwini

Liwulo ndi pheme. Limachokera ku mneni wa Chigiriki phemi, kutanthauza kuti "ndikunena". M'Chipangano Chatsopano chonse limapezeka kawiri kokha, pa Mateyu 9:26 ndi pa Luka 4:14, koma abale ake ndi ambiri. Liwu la Chilatini lakuti fama, limene Chipwitikizi chinatengera, n'lochokera ku muzu womwewo. Chimodzimodzi prophetes, munthu wonenera wina, amene m'chilankhulo chathu timamutchanso mneneri kuchokera ku kunena. Palinso blasphemia, kunena zonyoza.

Umboni wa tanthauzo lake uli pa 2 Akorinto 6:8. Pamenepo Paulo akufotokoza kuti atumiki a Mulungu amapirira ponenedwa zabwino ndi ponenedwa zoipa, ndipo kuti amveke anachita kulumikiza kachidutswa kutsogolo kwa liwuli: euphemia pa mbiri yabwino, dysphemia pa mbiri yoipa. Izi zikusonyeza kuti pheme payokha siweruza. Sinena ngati nkhaniyo ndi yokoma kapena yowawa, yoona kapena yopeka. Imangonena kuti anthu akulankhula, ndipo kulankhulako kwafika patali moti amene anayamba sakudziwikanso.

Liwu lathu la tsiku ndi tsiku limene limagwira ntchito imeneyi ndi lakuti akuti. Akuti mtengo wa nyemba ukwera. Akuti ku Metangula kwafika dokotala wodziwa maso. Akuti kumalire atseka. Mukafunsa kuti akutiwo ndani, woyankha amangoti anthu. Nalo liwu lakuti mbiri ndi lotambasuka mofananamo. Timati mbiri ya Achewa tikamanena zakale zosungidwa, timati munthu wa mbiri yabwino, timatinso mbiri yake yabuka pamene wina wachita zochititsa manyazi. Choncho amene anamasulira kuti mbiri sanaphonye. Vuto limabwera ife tikamawerenga liwulo ngati kuti likutanthauza ulemerero nthawi zonse.

Mmene Agiriki ankalionera

Kale kwambiri Chipangano Chatsopano chisanalembedwe, Agiriki ankaona kuti mawu oyenda opanda mwini ali ndi mphamvu yachilendo. M'ndakatulo ya Homer yotchedwa Odyssey, pheme ndi mawu amene munthu amangowamva mwangozi n'kuwatenga ngati chizindikiro chochokera kumwamba. Odysseus atapempha chizindikiro chotere, anamva mayi wina wantchito akudandaula uku akupera tirigu, akupempherera kuti amuna amene ankadya chuma cha panyumbapo adye komaliza tsiku limenelo. Mayiyo sankadziwa kuti wina akumumva, ndipo n'chifukwa chake mawu akewo anatengedwa ngati osapangana.

Hesiod, amene anakhalako cha m'ma 700 Yesu asanabadwe, anachenjeza kuti mbiri yoipa ndi yopepuka poinyamula koyamba, yolemera poisenza, ndiponso yovuta kuitula, ndipo anamaliza n'kuitcha mulungu chifukwa siifa anthu ambiri akaitenga pakamwa. Mumzinda wa Athens munali ngakhale guwa la Pheme. Herodotus analemba kuti m'chaka cha 479 Yesu asanabadwe, asilikali a Chigiriki akukonzekera kumenyana ndi Aperezi ku Mycale, mphekesera inawanda pakati pawo yakuti anzawo apambana ku Plataea, kutsidya kwa nyanja. Nkhaniyo inawalimbitsa mtima, anapambana, ndipo pambuyo pake inapezeka kuti inali yoona. Mlakatuli wa Chiroma Virgil anaiona mbali inayo: iye anajambula Fama ngati chilombo chothamanga, cha maso, malirime ndi makutu osawerengeka, chofalitsa zoona ndi zonama mosasankha.

Kotero wowerenga woyamba wa Mateyu kapena Luka akamva liwu lakuti pheme sankaganiza za ulemu wokha. Ankaganiza za chinthu chothamanga kuposa mwini wake, chimene chingamuthandize lero n'kumutembenukira mawa.

Mateyu, Luka ndi Yesu wosakhulupirira kutchuka

Malo awiri aja amaonetsa zimenezi bwino. Nkhani ya mtsikana woukitsidwa ilinso mu Marko 5 ndi mu Luka 8, kumene bambo ake akutchedwa Yairo, ndipo m'mabuku onse awiri Yesu akulamula kuti asauze munthu. Mateyu satchula lamulolo, amangonena zotsatira zake: nkhani inabuka. Ndipo sizinatheke kubisa, poti oimba zitoliro ndi khamu la olira anali kale pamaliropo. Nkhani yotsatira, ya akhungu awiri, ikubwereza zomwezo. Yesu akuwaletsa mwamphamvu, iwo akutuluka n'kukalengeza ponseponse, ndipo mneni amene Mateyu 9:31 akugwiritsa ntchito, diaphemizo, ndi wa muzu womwewo. Pa Marko 1:45 mneni yemweyu akunena za wakhate wochiritsidwa amene anafalitsa nkhani mpaka Yesu sanathenso kulowa m'mizinda poyera.

Luka 4:14 ndi yochititsa chidwi kwambiri. Yesu wangochokera kuchipululu kumene anayesedwa, ndipo Luka sanafotokozebe chozizwitsa chilichonse chimene iye wachita, koma mbiri yayenda kale m'Galileya monse. Akafika kwawo ku Nazarete, Yesu akudziwiratu chimene anthu akufuna: achite pamudzi pano zimene anamva kuti anachita ku Kaperenao. Atakana kuvina nyimbo yawoyo, anthu omwewo amene ankamuyamikira anamukokera kuphiri kuti akamuponye kuphedi. Mbiri inadzaza sunagoge, koma inabweretsa anthu odzaona zimene anali atapanga kale m'mitu yawo.

Apa pali phunziro limene alaliki ofuna kutchuka salikonda. Olemba Uthenga Wabwino sanena kuti mbiri ya Yesu inali yabodza. Inali yoona, koma yoperewera. Inkanena za manja ochiritsa, osanena za mtanda. N'chifukwa chake pa Marko 8 Yesu akufunsa mafunso awiri motsatizana. Loyamba ndi la zimene anthu akunena za iye, ndipo mayankho ake ndi a akuti okhaokha: akuti Yohane Mbatizi, akuti Eliya, akuti mmodzi wa aneneri. Lachiwiri likulunjika kwa ophunzirawo, kuti anene zawo ndi pakamwa pawo. Pakati pa mafunso awiriwa ndi pamene pali malire a mbiri ndi chikhulupiriro.

Liwu la khutu

Nthawi zambiri tikapeza liwu lakuti mbiri m'Chipangano Chatsopano, kuseri kwake sikuli pheme koma akoe, lochokera ku mneni wotanthauza kumva. Limapezeka nthawi zoposa 20 ndipo limatha kutanthauza khutu lenilenilo, mphamvu ya kumva, kapena chinthu chimene chamvedwa. Pheme imayang'ana pakamwa ponena, akoe imayang'ana khutu lolandira. Luka 4:37 ili ndi liwu linanso, echos, lonena za mkokomo, ndipo malo ena ngati Luka 7:17 amangoti logos, mawu.

Ntchito za akoe n'zodabwitsa zikaikidwa pamodzi. Pa Mateyu 4:24 ndi mbiri ya Yesu imene inafika ku Siriya n'kubweretsa odwala. Pa Mateyu 14:1 ndi mbiri yomweyo itafika kwa Herode Antipa, amene anaimva ndi chikumbumtima chake n'kuganiza kuti Yohane amene anamudula mutu wauka. Pa Mateyu 24:6 ndi nkhani za nkhondo zongomveka, zimene ophunzira akuuzidwa kuti zisawasokoneze mitima. Pa 2 Timoteo 4:3 ndi makutu oyabwa a anthu osankha aphunzitsi owauza zowakomera. Ndiyeno pa Aroma 10:17 Paulo akutenga liwu lomweli n'kunena kuti ndiko kumene chikhulupiriro chimachokera. Liwu limodzi likunyamula mphekesera ya nkhondo ndi uthenga wa chipulumutso. Choncho Baibulo silingatilangize kutseka makutu, poti potero tingatsekerenso kunja chimene likufuna kuti timve.

Olembawo ankadziwanso mitundu ya nkhani zonama. Pali yogulidwa ndi ndalama: pa Mateyu 28 asilikali olondera manda akupatsidwa ndalama kuti azinena kuti mtembo unabedwa. Pali yobadwa m'kungoganizira: pa Machitidwe 21 anthu ena anaona Paulo mumzinda ali ndi Trofimo wa ku Efeso, n'kuganiza kuti wamulowetsa m'Kachisi, ndipo mzinda wonse unasokonekera mpaka Paulo anapulumukira m'manja mwa asilikali. Ngakhale mkulu wa asilikaliwo anali ndi mphekesera yakeyake, yakuti Paulo ndi Mwigupto uja anatsogolera zigawenga 4,000 kuchipululu. Pali yobadwa mumpingo momwe, mwa anthu abwino osamvetsa: Yohane 21:23 ikukonza mawu amene anafala pakati pa abale akuti wophunzira wina sadzafa, ndipo ikukonza pobwereza mosamala zimene Yesu ananenadi. Palinso yoopsezera: pa Nehemiya 6 Sanibalati akutumiza kalata yosamata, kuti aliyense m'njira aiwerenge, yonena kuti kwamveka zoti Nehemiya akufuna kupandukira mfumu.

Kuchokera ku Mwembe mpaka ku Mecula

Mitundu yonseyi Niassa inaionapo. M'chaka cha 1880 William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anakakhala ku Mwembe, likulu la Mfumu Mataka ya Ayao. Chaka chotsatira gulu la akapolo lochokera kumeneko linagwidwa ndi Angerezi kufupi ndi gombe la nyanja ya mchere, ndipo mawu anabwerera kumudzi akuti amene anaulula ndi mzungu uja. Katundu wake anafunkhidwa, iye n'kuchoka. Mu 1882 anatulukira kunyanja ya Niassa pamodzi ndi Charles Janson, amene anamwalira atangofika, ndipo zaka zonse zotsatira mpaka imfa yake mu 1928 Johnson anagwira ntchito m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Baibulo lathunthu la Chinyanja cha ku Likoma, limene iye anatsogolera polimasulira, linatuluka mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika la mu 1922 lisanatuluke. Mwanjira ina, mphekesera ya ku Mwembe inathandiza kuti Anyanja a ku Messumba ndi Cóbuè awerenge Malemba m'chilankhulo chawo. Ndipo anthu a Mataka sanali opusa pokayikira: Angerezi ankalimbanadi ndi malonda a akapolo, ndipo Johnson anali Mngerezi. Mphekeserayo inalumikiza zinthu ziwiri zoona n'kupanga chachitatu chopanda umboni.

Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu Sepitembala 1964, Niassa inali m'gulu la zigawo zoyamba kumva mfuti, nthawi imeneyo Lichinga akutchedwa Vila Cabral. Kenako inabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathawitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. M'zaka zimenezo kumva kunali nkhani ya moyo ndi imfa. Banja linkasankha kugona m'nyumba kapena kuthengo potengera zimene wodutsa wanena madzulo.

Nthawi yomweyo inaonetsanso mphamvu ya mbiri pa nkhondo. Cha m'ma 1989 ndi 1990 ku Zambézia ndi Nampula kunatuluka Manuel António, mtsogoleri wa gulu la Naparama, amene ankanena kuti anafa n'kuuka ndipo anatumidwa kudzathetsa nkhondo. Ankatemera anyamata ake mankhwala oti zipolopolo zisawalase, ndipo iwo ankapita kunkhondo ndi mikondo ndi zikwanje. M'madera ambiri asilikali a Renamo, amene anali ndi mfuti, ankathawa chifukwa nawonso anali atamva ndi kukhulupirira. Mbiriyo inagwiradi ntchito, mpaka mwini wake anaphedwa pankhondo mu Disembala 1991.

Chakumapeto kwa 2021 zigawenga zochokera ku Cabo Delgado zinaukira midzi ya m'boma la Mecula, ndipo anthu zikwizikwi anathawa. Ambiri anathawa asanaone chigawenga ndi maso, atangomva. Iwo anachita bwino, poti nkhaniyo inali yoona. Apa m'pamene pali kuvuta kwa funso lathu: amene amanyoza anthu akumudzi kuti amangokhulupirira zilizonse amaiwala kuti m'dera limene linaona nkhondo, kukayikira nkhani yoona kunaphetsa anthu. Nkhani yoona ndi yabodza zimakwera basi imodzi, zimatsikira pamsika umodzi, ndipo palibe imene imavala chizindikiro pamphumi.

Kolera, cloro ndi opopa magazi

Mbali yowawa ya nkhaniyi ili pa zaumoyo. Kolera imene inavuta Mozambique kuyambira mu Sepitembala 2022 inayamba kupezeka m'boma la Lago, kuno ku Niassa, isanafike ku Lichinga ndi zigawo zina, Malawi ali kale pa mliri waukulu umene unayamba mu Marichi chaka chomwecho. Matendawo anali enieni. Koma kumpoto kwa Mozambique kwakhala kwa zaka zambiri mphekesera yakuti kolera imachita kubweretsedwa ndi akuluakulu ndi azaumoyo. Chimodzi chimene chimaipatsa mphamvu ndi kufanana kwa mawu awiri a Chipwitikizi, cólera ndi cloro, mankhwala othira m'madzi. Wothira mankhwala pachitsime amaoneka ngati wothira matenda. Mu 2009 ku Mogincual, m'chigawo cha Nampula, anthu odzipereka a Red Cross anaphedwa pa chifukwa chimenechi. Mu Epulo 2024 bwato la asodzi lodzaza mopitirira linamira pochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique, anthu pafupifupi 100 n'kufa, ndipo akuluakulu a boma ananena kuti ambiri ankathawa chifukwa cha mantha obwera ndi nkhani zonama za kolera.

Ya opopa magazi, amene m'Chipwitikizi amati chupa-sangue, imadziwika mbali zonse ziwiri za malire a Mozambique ndi Malawi. Mu 2017 inawanda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Chaka chomwecho ku Milange kunaphedwa amuna a dazi chifukwa cha chikhulupiriro chakuti m'mitu yawo muli golide.

Akhristu ayenera kukumbukira kuti nawonso anakhalapo mbali ya onenedwa. Mzinda wa Rome utapsa m'chaka cha 64, kunamveka mphekesera yakuti Mfumu Nero ndiye analamula motowo, ndipo malinga ndi wolemba mbiri Tacitus, Nero anaizimitsa poloza chala Akhristu. M'zaka zotsatira ankanenedwa kuti amadya ana pamisonkhano yawo yausiku, moti Tertullian, polemba buku lowateteza cha m'ma 197, anadandaula kuti mboni yokha imene adani awo ali nayo ndi fama. Mu Africa muno, Luise White anasonyeza m'buku lake la mu 2000, Speaking with Vampires, kuti m'nthawi ya atsamunda ozimitsa moto, azaumoyo ngakhalenso ansembe a Chikatolika kumpoto kwa Zambia ananenedwapo kuti amatenga magazi a anthu.

N'chifukwa chiyani nkhani zoterezi zimagwira? Akatswiri awiri a ku America, Gordon Allport ndi Leo Postman, analemba mu 1947 kuti mphekesera imakula molingana ndi zinthu ziwiri: kufunika kwa nkhaniyo kwa omvera, ndi kusowa kwa chidziwitso chodalirika. Chimodzi chikasowa, mphekesera imafa. Carlos Serra wa pa Universidade Eduardo Mondlane, amene anafufuza za zipolowe za kolera ku Nampula n'kutulutsa buku mu 2003, anapeza kuti gwero lake si umbuli wokha ayi. Anthu osauka amene boma silinkawayendera pa njala, pa madzi kapena pa misewu ankadabwa kuona akuluakulu atulukira mwadzidzidzi ndi mankhwala, ndipo ankaganiza kuti pali chimene akufuna. Mphekeserayo inali yabodza pa zimene inkanena, koma inkaulula zoona za kusakhulupirirana. Timati utsi sufuka popanda moto, ndipo mwambiwu ndi woona, kungoti nthawi zambiri moto sukhala pamene gulu lolusa likuloza.

Muyeso umene Baibulo limapereka

Ngati liwu palokha silisiyanitsa mbiri ndi mphekesera, chimasiyanitsa n'chiyani? Mayankho a Malemba ndi atatu, ndipo onse ndi ntchito ya womva.

Loyamba ndi kusalandira msanga. Eksodo 23:1 imaletsa kufalitsa nkhani yabodza, ndipo Ayuda amene anamasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki anagwiritsa ntchito liwu lija lakuti akoe, n'kumasulira lamulolo ngati loletsa ngakhale kuilandira. Mlandu suli pa wonena yekha, womvetsera mokondwa nayenso ali nawo. Deuteronomo 13 imalamula kufufuza ndi kufunsitsa munthu akamva nkhani yoopsa yokhudza mudzi wina, ndipo Deuteronomo 19:15 imakana kuweruza pa mboni imodzi. Kwa anansi athu Achisilamu, amene ndi ambiri mu Lichinga ndi m'midzi ya Ayao, langizo lofanana lili mu Qur'an, sura 49 ndime 6, lakuti nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika iyambe yafufuzidwa kuopa kuvulaza anthu osalakwa.

Lachiwiri ndi kunyamuka kukaona. Mfumukazi ya ku Seba, pa 1 Mafumu 10, inamva mbiri ya Solomo, sinaikhulupirire, koma sinaitayenso: inayenda ulendo ndi mafunso ovuta. Asamariya a pa Yohane 4 anayamba ndi mawu a mayi wa pachitsime, kenako anakhala ndi Yesu masiku awiri n'kudzimvera okha. Pa Luka 24 atumwi anatenga mawu a amayi ochokera kumanda ngati zopanda pake, koma Petro anathamanga kukasuzumira. Makolo athu anali ndi nzeru yomweyo pamene ankati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi kufuna mwini wa mawu. Luka yemwe analemba za pheme ya ku Galileya akuyamba buku lake pouza Teofilo kuti anafufuza zonse mosamala kuchokera kwa amene anaona ndi maso, kuti Teofiloyo adziwe kutsimikizika kwa zimene anaphunzitsidwa pakamwa. Paulo pa 1 Akorinto 15 sanena kuti akuti Yesu anauka. Akutchula Kefa, khumi ndi awiri aja, Yakobo, ndi abale oposa 500, n'kuwonjezera kuti ambiri mwa iwo adakali moyo, kutanthauza kuti wofuna akhoza kukawafunsa. Liwu limene limatsutsana ndi pheme m'Chipangano Chatsopano ndi martys, mboni, munthu wa dzina ndi nkhope amene amati ndinaona ndipo amavomera kulipira mtengo wa mawu ake. Mtengowo unali waukulu moti m'kupita kwa nthawi liwulo linayamba kutanthauza munthu wofera chikhulupiriro.

Muyeso umenewu suthetsa mavuto onse. Mayi wa ku Mecula amene wamva kuti zigawenga zili m'mudzi woyandikana nawo alibe nthawi yofunafuna mboni ziwiri, ndipo palibe angamudzudzule pothawa. Koma pali kusiyana pakati pa kuthawa chifukwa cha zongomva ndi kutola mwala chifukwa cha zongomva. Wothawa akapeza kuti inali bodza amabwerera kunyumba. Wogenda mlendo kapena wazaumoyo sangabweze zimene wachita. Choncho umboni wofunika uzikula molingana ndi kukula kwa chimene tikufuna kuchitira munthu wina.

Masiku ano pheme ili ndi miyendo yatsopano. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amachoka ku Cuamba n'kufika ku Mandimba, Mangochi ndi Johannesburg tsiku lomwelo, ndipo ndi akuti weniweni, poti wolankhulayo sadzitchula dzina, satchula tsiku, ndipo sangafunsidwe funso. Komabe njira zakale zidakali ndi mphamvu: guwa la Lamlungu, mzikiti wa Lachisanu, bwalo la mfumu, ndi wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Lichinga imene imaulutsa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa. M'malo amenewa wolankhula amadziwika ndipo mawa adzakumana ndi omwe anawauza. M'busa kapena shehe amene amalengeza nkhani ya pafoni asanaifufuze amabwereketsa dzina lake kwa mawu opanda mwini, ndipo anthu amawakhulupirira chifukwa cha iye.

Udindo womwewo ukugweranso a boma, a chipatala ndi a mabungwe. Kudzudzula anthu kuti asiye kufalitsa zongomva sikunathetsepo mphekesera, chifukwa chikalata chopanda nkhope chochokera ku ofesi nachonso kwa munthu wakumudzi ndi akuti wina chabe. Chimene chimathetsa ndi munthu wodziwika, amene anabwera pamudzi mliri usanagwe, amene amalankhula chilankhulo cha pamalopo, amene amayamba kumwa yekha madzi othira mankhwalawo anthu akuona, ndipo adzabweranso mwezi wamawa kudzayankha ngati zinthu sizinayende. Mpingo woyamba unakula chifukwa unasandutsa nkhani yongomveka kukhala umboni wa anthu otchulika mayina. Aliyense wofuna kuti amukhulupirire ku Niassa, kaya wanyamula Baibulo kaya wanyamula mankhwala a m'madzi, ayenera kulipira mtengo womwewo.